Chaka Chimene Amuna Anga Anaphunzira Kufufuta

Amuna anga asanakhale mphunzitsi anali kalaliki wa mabuku a ndalama pa kampani ina yogula chimanga ndi nyemba pa Nsipe. Ndinakwatiwa nawo ali kale pa ntchitoyo, chala chawo chapakati chitada ndi inki mpaka sopo anachita kugonja. Anali munthu wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anthu ankati tinapezana, chifukwa inenso ndikaona mlendo mawu amandithera pakhosi. Amayi anga ankati pakhomo pathu pamamveka nkhuku zokha.

Pa ntchito yawoyo panali lamulo limodzi limene linawalowa m'magazi: nambala ikalembedwa siifufutidwa. Ukalakwitsa umatenga rula, kudula mzere wowongoka pa nambala yolakwikayo kuti izionekabe, kulemba yolondola pamwamba pake, kenaka kuika zilembo zoyamba za dzina lako pambali. Mzungu amene anawaphunzitsa ntchito anawauza kuti kalaliki wofufuta ndi mbala imene sinagwidwe chabe. Mawu amenewa anawasunga kuposa mavesi a m'kalasi ya ubatizo, ndipo anabwera nawo ndi kunyumba komwe. Chaka china anabzala mzere wa nyemba wokhota kudimba. M'malo mouzula, anabzala wina wowongoka pambali pake, wokhotawo n'kuusiya uli pomwepo kuti aliyense wodutsa aone pamene panalakwika.

Mwana wathu woyamba atayamba kukhala pansi yekha, kampani inasamutsira mabuku ake onse ku Limbe, ndipo makalaliki a m'madera anauzidwa kuti ntchito yatha. Kwathu ku Kandeu mwamuna ntchito ikamuthera palibe chofunsa, amakalembetsa za ku Joni. Bambo anga anapitako n'kubwerako ndi chifuwa chimene chinawatenga. Achimwene anga anapita ine ndili kamtsikana, ndipo anatchona. Timangomva kwa obwera kuti anawaona kwakuti. Bokosi lachitsulo limene bambo anabwera nalo ku migodi linali kwa ine. Tsiku limene amuna anga analitulutsa kunsi kwa bedi n'kuyamba kuthira mafuta m'loko wake, ndinazungulira kuseri kwa nyumba ngati ndikukatola nkhuni.

Mwayi unabwera ndi abusa a mpingo wathu. Anati kusukulu ya mishoni yophunzitsa aphunzitsi, kumtunda kwa Mlangeni, akufuna munthu wophunzitsa masamu ndi kasungidwe ka mabuku. Kwa ife sukulu imeneyo inali kumathero a maphunziro onse. Za yunivesite tinkangomva kuti ziliko kunja, kopita pa sitima. Amuna anga anawatenga mowayesa. Mkulu wa sukulu, mzungu wamtali wa magalasi, anati teremu ikamatha adzakhala m'kalasi mwawo kuonerera, ndipo zimene adzaone tsikulo ndizo zidzaweruze. Bokosi lija tinapita nalo. Amuna anga anati tisalisiye popeza za mawa sizidziwika.

Kumeneko n'kozizira. M'mawa nkhungu imatsika mpaka minda ya kachewere osaoneka, ndipo matewera amatha tsiku lonse pa chingwe osauma. Anatipatsa nyumba yaudzu pa mzere wa nyumba za aphunzitsi. Pansi pake panali pokumbikakumbika, koma ine kuzira ndi ntchito yokhayo imene sindichita nayo manyazi. Ndinapeza dothi lakuda kudambo, kuzira, n'kukulungiza ndi mwala wa nkhulungo mpaka pansi pankachita kung'anima dzuwa likalowera pakhomo. Akazi a aphunzitsi anzathu akabwera kudzandiona ndinkalephera kucheza nawo, koma ndinkawaona akuyang'ana pansi, ndipo zimenezo zinkandikwanira.

Nyumba yoyandikana nafe inali ya mphunzitsi wa Chingerezi, bambo wachikulire. Akazi awo, mayi wonenepa wokonda kuseka, ndiwo ankandibweretsera nkhani za kusukulu tikakumana kuchitsime.

"Amunanu ndi anzeru, mwana wanga, palibe akutsutsa," anatero tsiku lina tikutunga. "Koma bolodi akuliyesa buku la boma."

Anandifotokozera kuti m'kalasi muli bolodi limodzi lokha. Likadzaza, amuna anga amayamba kulemba timanambala tating'onoting'ono m'mipata ndi m'makona. Mipata ikatha amasamukira pa chitseko cha kabati, kenaka pa thabwa la zenera. Akalakwitsa amatenga rula, kudula mzere, n'kuika zilembo za dzina lawo. Ophunzira a kumbuyo, ena mwa iwo abambo a ndevu zawo, saona kanthu, amangokopera kwa anzawo zolakwika ndi zolondola zomwe. Potuluka amalemba pamwamba kuti OSAFUFUTA, moti amuna a mayiwo akabwera ndi Chingerezi chawo amafufuta akuyang'ana kukhomo ngati akuba nkhuku. Anyamata anali atawapatsa kale dzina, ankawatcha a Osafufuta.

Mayiwo anati anachita kuwasokera amuna anga chofufutira, kathumba kansalu kodzaza nsanza, n'kuwatumizira. Atakafotokoza ndinakazindikira. Ndinkakapeza m'thumba la jekete tsiku lililonse lochapa, koyera ngati sikanagwirepo ntchito, ndipo ndinkakachapa, kukasita, n'kukabwezera m'thumbamo. Ndinkayesa kuti ndi chinthu chaulemu chimene aphunzitsi amayenda nacho, monga abusa ndi kolala. Nditanena zimenezi mayiwo anatula mtsuko pansi kuti aseke bwino.

Ine sindinaseke kwambiri, chifukwa anawonjezera motsitsa mawu kuti nkhaniyi yamufika mzungu uja, mkulu wa sukulu.

Madzulo ake tikudya ndinawafunsa amuna anga, maso anga ali m'mbale, ntchito ya kathumba kaja. Anati akuidziwa. Anati m'mawa uliwonse amachoka atatsimikiza kuti lero akagwiritsa ntchito.

"Koma dzanja limakana, amake mwana," anatero. "Ndikalikweza ndimamva ngati wina waima kumbuyo kwanga."

Patapita masiku anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana pansi panga pakuda paja. Anati n'posalala kuposa bolodi la kusukulu. Ndinasangalala, osadziwa kumene chiyamikirocho chikulowera. Kenaka anandipempha mwaulemu kuti ndiwabwereke kakona kamodzi, akonzerepo phunziro la tsiku la mzungu. Pepala ankati ndi la zinthu zomalizidwa, losayenera kuyeserapo.

Kakona kaja kanakula. Akaweruka ankavula jekete, kugwada ndi choko, ine n'kukhala pa mkeka ngati wophunzira wawo. Sukulu ndinalekeza sitandade yachiwiri, ndipo nditawauza kuti ife sileti tinkafufuta ndi malovu ndi chigongono, anandiyang'ana ngati ndanena kuti tinkaba chopereka m'tchalitchi. Manambala anayenda kuchokera pakona kufika kunsi kwa tebulo, kuzungulira mtsuko wa madzi akumwa, mpaka pakhomo la kuchipinda. Tinayamba kuyenda motsamira khoma ngati anthu owoloka mtsinje pa mtengo. Kusesa kunaletsedwa. Alendo ndinkawalandirira pakhonde ngakhale kukuzizira chotani.

Amene anavutika kwambiri ndi mwana. Inali nthawi yake yofuna kukwawa, koma ndinkangomubereka tsiku lonse kuopa kuti angafufute masamu ndi mimba. Tsiku lina ndinamukhazika pansi pang'ono kuti ndimange bwino nsalu, iye n'kukodzera pa nambala ina. Bambo ake sanakalipe. Anazunguliza mzere pa kadziwe kaja, kulemba nambala yotayikayo pambali, n'kuikapo zilembo za dzina la mwanayo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mzungu adzaonerere, amayi anga anatsika lole pamsewu ndi dengu la ufa ndi nyemba, osatumiza mawu. Amuna anga anali kusukulu. Amayi sawerenga. Anaima pakhomo, kuyang'ana pansi pakuda pa mawangamawanga oyera, n'kundifunsa ngati ndakhala ndikudwala, popeza m'nyumba muli ngati msana wa nkhanga. Anandilanda mwana n'kumukhazika pakhonde, iye n'kungokhala ngati dzungu, osasuntha. Anaona ming'alu m'mbali mwa khoma imene ankati ndi mudzi wa utitiri. Ndinayesa kufotokoza kuti zolembazo ndi za ntchito, koma mawu anga sanapambanepo mawu a amayi chibadwire changa. Ananditulutsitsa katundu yense n'kundituma dothi kudambo. Ndinapita ndikukoka miyendo, mtima uli pawiri: pansi panga ndinkapafuna, koma bokosi ndinkaliopa.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Sadyera pamodzi, akakumana m'njira wina amapatukira patchire, ndipo zoyankhulana zimadzera mwa munthu wina ngakhale onse akumvana bwinobwino. Amuna anga ankasunga mwambo umenewu monga ankasungira malamulo onse, osadumpha ngakhale pang'ono.

Anafika masana amayi atagwada kale m'nyumba, nsalu atakwinyira m'maondo, atayambira pakona ya kutali monga timachitira, akuzira chobwerera cha kukhomo. Amuna anga ataona katundu pabwalo ndi msana wa apongozi awo, anavula chipewa, kuzungulira kuseri kwa nyumba, n'kunjuta pansi pa kazenera atafulatira khoma. Anandikodola.

Ndinkayembekeza kuti anena za masamu. Koma munthu sungayambe nkhani ndi apongozi usanawalonjere. Anandituma kukafunsa kuti amayi ayenda bwanji. Ndinazungulira nyumba, kugwada pakhomo, kufunsa. Amayi anayankha mofatsa, dzanja likuzungulira pansi, kuti ayenda bwino koma lole inali yodzaza ndipo wina anawakhalira pa dengu. Ndinabwerera nawo mawuwo. Anandituma kukafunsa za kumudzi. Amayi anafotokoza za mvula, za ng'ombe ya amalume imene inathyoka mwendo, za maliro a kutsidya ndi amene anabwerako. Kenaka nawonso anafunsa za moyo wa akamwini awo, za ntchito, za kuzizira. Ulendo uliwonse ndikafika pakhomo ndinkapeza manambala ena atapita. Malonje atatha, masamu ochulukitsa onse anali m'dothi.

"Kawauzeni amayi," anatero amuna anga, "ngati n'kotheka, kuti zimene zili pafupi ndi khomo la kuchipinda ndi za mawa."

Ine pokafika ndinafewetsa monga wotumidwa aliyense amachitira. Ndinati bambo a mwana akuti za pakhomo la kuchipindazo akuziganizira kwambiri.

"Ukawauze akamwini anga asadandaule," anatero amayi mokweza, moti ndi kuseri komwe kunamveka. "Dothi lilipo lambiri, pamenepo ndifikapo."

Ndipo anafikapo. Maondo awo atatopa, kachigawo ka pakhomo ndinamaliza ndine. Amuna anga anali atasunthira pamwala wa pafupi ndi khitchini, ndipo poti mkazi wako suletsedwa kumuyang'ana, anandiyang'anitsitsa mpaka nambala yomaliza inalowa pansi pa dzanja langa.

Nditasamba m'manja ndinakakhala chapatali nawo. Anali akulankhula okha, chala chikuloza m'malere, kuyenda ndi phunziro lonse kuchokera pakona mpaka pakhomo kuti aone zimene zatayika. Anafika kumapeto osasowa kanthu. Ndinayesa kuti asangalala, koma anapukusa mutu. Anati kukumbukira si umboni. Chinthu chikafufutidwa ndani anganene kuti chinalipo?

"Ine ndinaona," ndinatero.

Anatembenuka. Ndinawauza kuti sindinamve zonse, koma ndinaona. Anandifunsa za kunsi kwa tebulo. Ndinakumbukira kuti panali za mphunzitsi wogawa masileti m'makalasi ake, ndipo funso ndinalinena bwino, koma yankho ndinaphonya kutali. Anandikonza mofatsa, kundibwerezetsa, kenaka anayang'ana chala chawo chakuda chija, chimene tsopano chinali chitayera ndi choko.

Katundu anali akadali pakhonde podikira kuti pansi paume. Amayi akupuma pamenepo anaona bokosi la malemu amuna awo. Analisisita, n'kununkhiza zala, n'kundifunsa chifukwa chake loko ali ndi mafuta. Apo ndi pamene ndinawauza zonse, za mzungu, za mawa, ndi za kumene bokosilo lidzalowere zinthu zikalephereka.

"Nanga bwanji sunanene, iwe?"

"Ndinanena, amayi."

"Kunena kwakoko," anatero, n'kuyang'ana kumbali. Tsiku limenelo sanadye bwino.

M'mawa amuna anga anachoka nkhungu isanakwere, atavala jekete imene ndinasita dzulo lake. Kathumba kaja kanatsala pa chingwe, chifukwa m'chipwirikiti cha kuzira ndinali ndisanakabwezere m'thumba. Amayi ndiwo anakaona. Nawonso ankayesa kuti ndi mbali ya chovala cha uphunzitsi, ndipo anati munthu sangakaime pamaso pa mzungu atavala moperewera. Anandiuza kuti ndithamange nako. Ndinati sindinafikepo kumakalasi, kuli amuna okhaokha. Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana bokosi. Ndinabereka mwana n'kunyamuka.

Chitseko cha kalasi chinali chotsegula. Bolodi linali litadzaza kale, ndipo amuna anga anali atanyanyamphira kuti alembe pa thabwa la pamwamba pake. Kumbuyo kunali mzungu uja, magalasi atavula, akutikita m'maso. Ndinagwada pakhomo n'kutambasula manja onse awiri, kathumba kali pamenepo. Kalasi yonse inatembenukira kwa ine. Wina ananong'ona kuti amayi abwera ndi mankhwala, ndipo ndinamva anyamata akumeza kuseka.

Mwamuna sangasiye mkazi wake atagwada pamaso pa anthu. Anabwera, kulandira, n'kuthokoza. Ndinadzuka kuti ndithawe, koma ndinangofika pansi pa zenera pokha, ndipo ndinakhala pomwepo pa udzu wonyowa.

Kenaka ndinamva mawu a amuna anga, okwera kuposa mmene ndinawamverapo.

"Ndisanafufute ndikufuna mboni. Inu a kumbuyoko, imirirani, nenani zimene zalembedwa apa."

Wa kumbuyoyo anayankha mwaulemu kuti kuchokera kumene wakhalako bolodi likuoneka ngati nyerere zagwera mu ufa. Anamuitanira kutsogolo. Anawerenga, anamuuza kuti afotokoze, anasokoneza pakati, ndipo mnzake anaimirira kumukonza. Anaitana wina, kenaka wina. Ndinkamva mawu osiyanasiyana, ena akutsutsana, mabenchi akulira. Pamapeto amuna anga anafunsa ngati onse avomereza kuti zimenezi zinalipo, ndipo kalasi inayankha pamodzi ngati mumpingo kuti yavomereza.

Ndinasuzumira pang'ono pa zenera. Anayambira pakona ya pamwamba, ya kutali ndi khomo, dzanja likuzungulira pang'onopang'ono, akubwerera chammbuyo, osasiya ngakhale kadontho. Anali akuzira. Anyamata onse anakulira pafupi ndi amayi awo, ndipo kuseka kumene ankameza kuja kunaphulika. Mzungu anayang'ana uku ndi uku, osadziwa chikuseketsa. Amuna anga sanaleke mpaka anafika pakona ya kukhomo. Anaima akuyang'ana bolodi lakuda lija ngati munthu amene nkhokwe yamupsera. Kenaka anawerama, kulemba tizilembo ta dzina lawo pakona ya pansi, n'kuyamba samu yatsopano ndi manambala akuluakulu ngati mazira a bakha.

Nkhani ya chigamulo inandipeza kuchitsime, monga nkhani zonse. Mayi a nyumba yoyandikana aja anati mzungu wasangalala kwambiri. Akuti njira yoimiritsa ophunzira kuti anene zimene zili pa bolodi usanafufute ndi yanzeru, sanaionepo, ndipo aphunzitsi onse aitsatire. Amuna a mayiwo anabwera kunyumba akung'ung'udza kuti akalamba akuphunzitsa popanda mboni, lero Chingerezi chasanduka mlandu. Amuna anga anawalemba ntchito yokhazikika. Dzina lija la a Osafufuta silinawachoke, ndipo akaitanidwa nalo amayankha.

Sindinganene kuti anasinthiratu. Mpaka lero akafufuta amaika zilembo zawo pakona, ndipo mzere wa nyemba ukakhota umakhalabe. Koma pansi panga sanapabwerekenso. Mwana anakwawa amayi asanachoke, ndipo ulendo wake woyamba unali wopita kunsi kwa tebulo kumene kunagwera kachidutswa ka choko, n'kukadya.

Tsiku lobwerera ku Kandeu amayi anandituma kukauza akamwini awo kuti bokosi lija ndi la malemu amuna awo, ndipo akulifuna kuti azisungiramo mbewu ya nyemba chifukwa makoswe awasautsa. Amuna anga anandituma kukayankha kuti amva. Tinatsika kumsewu kukadikira lole, amayi patsogolo ndi dengu lawo, amuna anga kutali kumbuyo monga mwa mwambo, bokosi lopanda kanthu lili pa phewa, loko akulira pa chitsulo. Ine ndinali pakati ndi mwana kumsana, kupita uku ndi kubwerera uku ndi mawu otsanzikana.